Nankalizi wa kuseri kwa tsamba: mayina a Chifalansa a zamiyendo yambiri ndi fougère

Mukatsegula mtanthauziramawu wa Chifalansa pa liwu loti scolopendre, mupeza matanthauzo awiri atagona pa mphasa imodzi. Loyamba ndi nankalizi, yemwe uja amati akaluma munthu wamkulu amagona usiku wonse chala chili m'mwamba. Lachiwiri ndi chomera cha masamba obiriwira chomwe chimakonda makoma achinyezi ndi pakamwa pa zitsime zakale. Kalembedwe n'kamodzi, katchulidwe n'kamodzi, ndipo palibe chilembo chokuuzani kuti apa tikunena chilombo, apa tikunena tsamba.

Chomeracho ndi cha mtundu wa zomera zija zosachita maluwa, zomwe mumaziona m'mbali mwa mitsinje ya pa phiri la Zomba kapena m'zigwa za ku Mulanje, masamba ake anthete akutuluka atapiringizika kunsonga. Mabuku a sayansi a kusukulu amazitcha fern. Afalansa amati fougère, kutchula kwake ngati "fuzheri" koma i wotsirizayo osamveka, ndipo liwu limeneli ndi lomwe tiyende nalo.

Ine ndimaona kuti mayina onse a m'gululi anabadwa mwanjira imodzi: wina anaona chinthu chimodzi chooneka ndi maso, n'kutcha dzina. Vuto limabwera wowerenga akatenga dzinalo ngati likunena zonse, chiwerengero cha miyendo, ukazi ndi umuna, ngakhale mankhwala.

## Tembenuzani tsambalo

Mukayang'ana chomera chotchedwa scolopendre chakumtunda, simungaganize za nankalizi ngakhale pang'ono. Fougère zambiri zili ndi masamba ong'ambikang'ambika ngati nthenga, koma ili ndi lathunthu, losalala, lonyezimira, lotalika masentimita 10 mpaka 60, m'lifupi masentimita atatu mpaka asanu ndi limodzi. Kumunsi kwake, pomwe likumana ndi phesi, lili ndi makutu awiri obulungira. Limakhala lobiriwira chaka chonse, ngakhale m'nyengo yozizira ya ku Ulaya, ndipo limakonda mthunzi ndi miyala ya laimu. Chifukwa cha kutalika ndi kusalala kumeneku, anthu akumidzi ku France analitcha langue-de-cerf, lilime la cerf, nyama yonga mbawala yayikulu ya nyanga zanthambi.

Ndiye ligwireni kunsonga, mulitembenuze. Ikhale nthawi yakumapeto kwa chilimwe cha kumeneko, cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Pakati pa tsambalo pali msempha wautali woyenda kuchokera kuphesi mpaka kunsonga. Mbali zonse ziwiri za msemphawo kuli mizere yofiirira, yokhuthala, yondandalikana mopendekera pang'ono, ina yaitali ina yaifupi. Msempha ndiye thupi, mizere ndiyo miyendo. Munthu amene anaonapo nankalizi atatambalala pakhoma safunanso womufotokozera.

Mizereyo ndi nkhokwe za timbewu tonga fumbi tomwe fougère imaberekera. Akatswiri a zomera a ku France amaitcha sores, kuchokera ku liwu la Chigiriki soros, mulu. Mukayang'anitsitsa ndi galasi lokulitsira zinthu, muona kuti mzere uliwonse si umodzi ayi, ndi iwiri yoyang'anizana, uliwonse uli ndi kachikopa kopyapyala kophimbira, kotchedwa indusie. Timbewu tikakhwima, tizikopa tiwiri tija timatseguka chapakati, mizere iwiri ija n'kuoneka ngati umodzi wonenepa. N'chifukwa chake "miyendo" ya nankaliziyu imaoneka bwino tsamba likakhwima, pomwe pa tsamba lanthete mumangoona timizere totuwa.

Pano pali cholakwika chomwe olima maluwa a m'miphika amachita kawirikawiri. Akaona madontho kapena mizere yofiirira kuseri kwa tsamba la fougère, amaganiza kuti ndi tizilombo toyamwa madzi a chomera, n'kuyamba kupala ndi mpeni kapena kupopera mankhwala. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Nkhokwe za timbewu zimakhala mwadongosolo, mbali iyi kufanana ndi mbali iyo, ndipo zimangokhala kuseri kwa tsamba. Tizilombo timamwazikana mopanda dongosolo, timakwera ndi paphesi pomwe, ndipo timasiya tsamba likumata. Fougère zambiri sizigwirizana ndi mankhwala opopera amphamvu, choncho wopopera mosafunika amawotcha chomera chomwe chinalibe nthenda.

## Dzinali linayamba pa chomera china

Liwuli Afalansa analitenga ku Chilatini, scolopendra, ndipo Aroma analitenga kwa Agiriki, skolopendra. Aristotle, katswiri wakale wa Chigiriki, analigwiritsa ntchito ponena za nankalizi wa pamtunda komanso nyongolotsi zina za m'nyanja ya mchere zomwe zili ndi tiubweya tondandalikana m'mbali. Mpaka lero mungakumane ndi mawu oti scolopendre de mer m'mabuku akale a Chifalansa.

Mabuku ambiri amaphwanya liwu la Chigirikili pawiri: skolops, chisonga kapena munga, ndi enteron, matumbo, pokumbukira kuti Agiriki ankatcha nyongolotsi kuti matumbo a nthaka. Ndiye kuti nankalizi ndi nyongolotsi yaminga. N'kufotokoza kokoma, koma akatswiri ambiri a mbiri ya Chigiriki amaliika liwuli m'gulu la mawu omwe Agiriki anawapeza kwa anthu okhala kumeneko iwo asanafike, ndipo kuliphwanya motero amakuona ngati kulikakamiza. Ine ndili kumbali yawo.

Chomwe chimandikoka mtima kwambiri ndi ichi: chomera choyamba kutchedwa dzina la nankalizi sichinali lilime la cerf lija. Dioscorides, sing'anga wa Chigiriki yemwe analemba za mankhwala azitsamba m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, anafotokoza zomera ziwiri zosiyana. China anachitcha phyllitis, kutanthauza chamasamba okhaokha, ndipo ananena kuti kuseri kwa masamba ake kuli tinthu tonga nyongolotsi zing'onozing'ono. Limeneli ndiye lilime la cerf. Chinacho anachitcha asplenon, nati ena amachitcha skolopendrion chifukwa masamba ake amafanana ndi nankalizi. Chimenechi ndi kachomera kakang'ono ka m'ming'alu ya miyala komwe Afalansa amati cétérach. Masamba ake safika patali, masentimita 15 kapena 20 basi, ndipo ndi ojedukajeduka m'mbali mosinthanasinthana, uku kutuluka uku kulowa. Pa kachomera aka nankalizi ali m'maonekedwe a tsamba lonse, osati m'mizere yakuseri.

Asing'anga a zitsamba a m'zaka zotsatira anasokoneza ziwirizi, dzina n'kusamukira pa chomera chachikulu. Linakhazikika bwino kumeneko chifukwa nakonso linapeza nankalizi wake. Mu 1753 Linnaeus, katswiri wa ku Sweden wopatsa zamoyo mayina a sayansi, analemba chomeracho kuti Asplenium scolopendrium, ndipo mu 1758 anatchanso gulu la anankalizi kuti Scolopendra. Akatswiri ena pambuyo pake anachisuntha: mupeza Scolopendrium vulgare m'mabuku ena akale, Phyllitis scolopendrium m'ena. Onsewa ndi chomera chimodzi, ndipo lero ambiri abwerera ku dzina la Linnaeus.

Asplenon uja ali ndi nkhani yakeyake. Splen ndi kapamba. Anthu akale ankakhulupirira kuti chomerachi chimaphwetsa kapamba wotupa, ndipo mpaka pano lilime la cerf limatchedwanso herbe à la rate, therere la kapamba tingatero, poti rate ndiye kapamba m'Chifalansa. Kapamba wotupa anali wofala kumadera a malungo ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndiye n'zomveka kuti ankafunafuna mankhwala ake. Dzina linatsala, koma musalitenge ngati umboni woti mankhwalawo amagwira ntchito. Cétérach uja alinso ndi dzina lina, doradille, lochokera ku Chisipanishi doradilla, kagolide, chifukwa kuseri kwa masamba ake kuli mamba ofiirira ngati golide. Kukauma kachomeraka kamapinda masamba, mamba aja n'kuonekera kunja, kamaoneka ngati kafa. Mvula ikagwa kamatambasukanso.

## La kapena le

Mayina onse a Chifalansa ali m'magulu awiri, lachimuna ndi lachikazi, monga momwe athu alili m'magulu a mu-a, chi-zi ndi ena. Mabuku otanthauzira mawu amaika scolopendre m'gulu lachikazi, kaya ndi chilombo kaya ndi chomera: la scolopendre, une scolopendre. Koma polankhula mumva anthu ambiri akuti un scolopendre, mwina potengera un mille-pattes lomwe ndi lachimuna. Ngati mukulemba mayeso kapena kumasulira chikalata, lembani la. Ndipo musakhulupirire wokuuzani kuti le ndi chilombo, la ndi chomera. Lamulo lotero kulibe. Chokuuzani tanthauzo ndi chiganizo chonse: ikaluma ndi chilombo, ikamera pakhoma ndi chomera.

## Miyendo chikwi yomwe palibe anaiwerenga

Munthu wamba ku France akaona chamiyendo yambiri chikudutsa pansi, sanena kuti scolopendre. Amati mille-pattes, kutchula "milpat". Mille ndi 1,000, patte ndi mwendo wa nyama, kusiyana ndi pied, phazi la munthu, ngakhale mabuku akale ali ndi mille-pieds. Kalembedwe kakale kali ndi kamzere pakati ndi s kumapeto ngakhale chilombocho chili chimodzi: un mille-pattes, des mille-pattes. Kusintha kwa kalembedwe kwa mu 1990 kunalola millepatte, liwu limodzi, s n'kumabwera pochulukitsa pokha. Zonse ziwiri n'zovomerezeka.

Mille ameneyu sanawerenge kanthu. Akungotanthauza "zambirimbiri", monga alili mu millefeuille, keke ya timapepala tambiri, ndi millepertuis, chomera chomwe masamba ake mukawayang'anitsa kudzuwa amaoneka ngati ali ndi timabowo tambiri. Aroma nawonso sankasamala za chiwerengero. Pliny Wamkulu analemba za kachilombo kamodzi kuti ena amati millepeda, ena centipeda, ena multipeda, kutanthauza miyendo 1,000, miyendo 100, miyendo yambiri, zonse pa kanthu kamodzi.

Ziwerengero zenizeni nazi. Anankalizi a mtundu wa Scolopendra amakhala ndi miyendo 21 mbali iliyonse, 42 yonse pamodzi, ndipo achibale awo ena ali ndi 23 mbali iliyonse. M'gulu lonse la anankalizi, wamkulu amakhala ndi chiwerengero chosagawika pawiri kumbali imodzi: 15, 21, 23, kukwera mpaka 191. Kuti akhale ndi miyendo 100 yeniyeni pafunika 50 mbali iliyonse, ndipo 50 amagawika pawiri. Choncho dzina loti cent-pieds, mapazi 100, lomwe ndi lodziwika pa chilumba cha La Réunion ndi ku zilumba za Polynésie, silikwana pa nankalizi wabwinobwino aliyense. Kumbali ya abongololo, kwa zaka zambiri wamiyendo yochuluka kuposa onse anali Illacme plenipes wa ku California, wa miyendo 750. Mu 2021 akatswiri analengeza za Eumillipes persephone, wopezeka pansi penipeni pa nthaka kumadzulo kwa Australia, wa miyendo 1,306. Ndiye woyamba kukwanitsa zomwe dzina la mille-pattes linalonjeza kalekale.

Apa pali pomwe womasulira wa Chichewa ayenera kutsegula maso. Ife tili ndi mayina awiri, nankalizi ndi bongololo, ndipo mwana aliyense amadziwa woti amuthawe ndi woti amukankhe ndi kamtengo. Mille-pattes amaphimba onse awiri. Mukapeza liwuli m'nkhani ya zaumoyo kapena ya zaulimi, musathamangire kulemba bongololo poona mille. Funani zizindikiro m'chiganizomo. Nankalizi ndi wophwatalala, amathamanga, ali ndi mwendo umodzi mbali iliyonse pa mfundo iliyonse ya thupi, amadya tizilombo tinzake, ndipo amaluma. Bongololo ndi wobulungira, amayenda pang'onopang'ono, ali ndi miyendo iwiri mbali iliyonse pa mfundo zambiri za thupi lake, amadya zowola, ndipo akaopsezedwa amadzipinda n'kutulutsa madzi onunkha omwe amadetsa khungu ndi kuwawa m'maso. Chiganizo chikanena za morsure, kulumidwa, ndi nankalizi ameneyo.

Akatswiri anakonza mawu awo pofuna kuthetsa chisokonezochi. Mfalansa Pierre-André Latreille ndiye anatcha gulu lonse kuti myriapodes kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, kuchokera ku liwu la Chigiriki la 10,000, ndiye kuti anawonjezeranso miyendo m'malo mochepetsa. Koma mayina a magulu awiri a mkati mwake ndi olondola. Abongololo ndi diplopodes, a miyendo yophatikiza. Anankalizi ndi chilopodes, kuchokera ku kheilos, mlomo, ndi pous, phazi. Dzinali likunena zoona zenizeni: zomwe nankalizi amalumira si mano, ndi miyendo iwiri yoyambirira yomwe inasanduka ngowe zaululu pansi pa mutu. Afalansa amazitcha forcipules, timapulayazi. Miyendo iwiri yaitali yakumchira, yomwe anthu ambiri amaiopa, imatsina chabe, ilibe ululu. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo, aikepo chozizira, amwe mankhwala opha ululu. Ngati ndi mwana wamng'ono, kapena kutupa kukufalikira, kapena munthu akubanika, apite kuchipatala msanga.

## A m'nyumba, a pansi pa mwala

Wofuna kulankhula molondola m'Chifalansa ali ndi mayina ena angapo, ndipo lililonse lili ndi chomwe wotchayo anaona.

Scolopendre weniweni wa ku France amapezeka kum'mwera, kufupi ndi Mediterranean, pansi pa miyala ya m'malo ouma. Ndi Scolopendra cingulata, wa masentimita 10 mpaka 15, ndipo Afalansa amati scolopendre ceinturée kapena annelée chifukwa cha mizere yakuda yomuzungulira ngati malamba. Koma yemwe anthu a m'tauni amakumana naye kubafa usiku ndi wina: scutigère véloce, wamiyendo yaitali yowonda, 15 mbali iliyonse, wothamanga kwambiri moti diso limalephera kumutsata. Scutigère ndi wonyamula chishango, kuchokera ku scutum ndi gerere, chifukwa cha timbale ta pamsana pake. Amadya mphemvu zazing'ono, akangaude ndi njenjete, ndipo kuluma munthu n'kwapatalipatali. Ndimamva chisoni kuti ambiri amamupha pomuyesa scolopendre, pomwe iye akugwira ntchito yothandiza m'nyumbamo. Akachuluka ndiye kuti m'nyumbamo muli chinyezi ndi tizilombo tambiri, ndipo chofunika kukonza ndi chimenecho.

Lithobie ndi nankalizi wokhala pamwala, géophile ndi nankalizi wokonda nthaka, wowonda ngati ulusi, wopanda maso. Bongololo wamba ndi iule, kuchokera ku Chigiriki ioulos, liwu lomwe linkatanthauzanso tindevu toyamba kumera pa mnyamata. Bongololo wamkulu wakuda wa kum'mawa kwa Africa kuno Afalansa amamutcha iule géant. Gloméris ndi kabongololo kakafupi kodzipinda n'kukhala kampira, kuchokera ku glomus, mpira wa ulusi.

Ndipo miyendo yambiri ija imabwereranso ku zomera. Pali fougère yotchedwa polypode, mapazi ambiri, chifukwa tsinde lake loyenda pamwamba pa miyala ndi makungwa a mitengo lili ndi tinthambi ndi tizitsa tambiri. Tsindelo limatsekemera, moti dzina lake lina ndi réglisse des bois.

## Fougère poyamba anali malo

Aroma ankatcha chomerachi filix, ndipo polumikiza ndi mawu ena tsinde lake linali filic-. Musalisokoneze ndi felix, wodala. Afalansa sanatenge filix mwachindunji. Anatenga liwu la Chilatini cha anthu wamba lomwe akatswiri amalilemba filicaria, ndipo mchira uja -aria unkasonyeza malo omwe chinthu chachuluka. Filicaria ndiye kuti tchire la fougère, osati chomera chimodzi.

Kuchoka pa filicaria kufika pa fougère pali masitepe odziwika, omwenso anachitika m'mawu ena ambiri. I wachiwiri uja, wosamveka mwamphamvu, anagwa, koma asanagwe c wokhala pakati pa malembo a liwu anali atafewa kale kukhala g. G ameneyu pokhala patsogolo pa a anasanduka "j", kenako "zh" wa lero. L wotsatidwa ndi lembo lopanda liwu anasanduka u, monga momwe alter anakhalira autre. Mchira -aria unakhala -ière. Pofika zaka za m'ma 1100 timapeza feugiere ndi fougiere, ndipo kenako i uja anamezedwa ndi "zh", n'kutsala fougère.

M'kupita kwa nthawi dzina la malo linagwera pa chomera chenichenicho. Zomwezi zinachitikira bruyère, lochokera ku brucaria, lomwe mpaka lero limatanthauza kachitsamba kena komanso chipululu chomwe kamamera. Fougère atasanduka chomera, malo aja anatsala opanda dzina, ndiye Afalansa anawonjezeranso mchira wina wa malo, -aie, womwe uli mu chênaie, nkhalango ya mitengo ya oak, ndi bananeraie, munda wa nthochi. Motero fougeraie ndi liwu lonyamula michira iwiri ya malo, wina pamwamba pa unzake.

Tanthauzo lakale lija silinafe. Lili pa mapu. Tauni ya Fougères ku Bretagne, yodziwika ndi linga lake lalikulu la miyala, ndi malo a fougère, ndipo m'chilankhulo cha Chibretoni imatchedwa Felger, l uja akadalipo. Kumpoto, ku Picardie, c wa patsogolo pa a sanafewe, ndiye kuli Feuquières. Kum'mwera, komwe kunkalankhulidwa Chioksitani, kuli Faugères, mudzi wotchuka ndi vinyo ku Hérault, komanso dzina la banja loti Falguière. Ku Gascogne f woyambirira amasanduka h, ndiye mupeza Heugas ku Landes ndi Le Houga ku Gers. Kusintha komweku kwa f kunachitika m'Chisipanishi, komwe chomerachi ndi helecho, pomwe Ataliyana anasunga felce, pafupi kwambiri ndi filix. Ine ndimaona mayina a malowa ngati umboni wa mtundu wa nthaka: fougère yayikulu ya m'tchire imakonda dothi la asidi, losalimidwa, ndiye mudzi wotchedwa dzina lake unayamba pamalo omwe makasu anafika mochedwa.

## Phulusa lake linkapanga galasi

M'ndakatulo za Chifalansa za zaka za m'ma 1600 mungapeze munthu akumwa vinyo "mu fougère". Sakumwera m'tsamba. Fougère pamenepo ndi tambula.

Mchenga pawokha umasungunuka pa kutentha kopitirira madigiri 1,700, komwe ng'anjo ya nkhuni singafikepo. Pamafunika chosakaniza chotsitsa kutenthako. Opanga galasi a m'mbali mwa Mediterranean ankagwiritsa ntchito soda wochokera m'phulusa la zomera za m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Okhala m'nkhalango za kumtunda analibe zimenezo, koma anali ndi phulusa la mitengo ndi la fougère, lomwe lili ndi potashi wambiri. Ndi mchere womwewo womwe amayi amaufuna akamadontheza chidulo cha therere. Fougère ankaimweta ikadali yaiwisi m'chilimwe, pomwe potashi ali wochuluka m'masamba, n'kuiumitsa pang'ono, n'kuitentha, phulusalo n'kulisakaniza ndi mchenga. Mvula ikanyowetsa muluwo kapena phulusalo, potashi amasungunuka n'kupita ndi madzi, galasi n'kuvuta kupsa.

Galasi lotuluka pamenepo ndilo verre de fougère: lopepuka, lopyapyala, lobiriwirako chifukwa cha chitsulo chochepa chomwe chinali mu mchenga ndi m'phulusa. Chilema chake n'chakuti galasi la potashi limadyeka ndi chinyezi msanga kuposa la soda, n'chifukwa chake zambiri zofukulidwa m'nthaka zimakhala zitachita mamba. Nicolas Leblanc atapeza njira yopangira soda kuchokera ku mchere wamba mu 1791, phulusa la m'nkhalango linayamba kutha ntchito, ndipo tanthauzo ili la fougère linatsalira m'mabuku.

## Mwamuna, mkazi ndi chiwombankhanga

Fougère mâle ndi fougère femelle, yaimuna ndi yaikazi, si mwamuna ndi mkazi wa chomera chimodzi. Ndi mitundu iwiri yosiyana kotheratu, Dryopteris filix-mas ndi Athyrium filix-femina. Anthu akale anatcha yolimba kuti yaimuna, ya masamba osalimba ojedulidwa bwino kuti yaikazi. Wobzala ziwirizi pamodzi poyembekeza kuti ziberekana akutaya nthawi. Pozisiyanitsa tembenuzaninso tsamba: yaimuna ili ndi nkhokwe zobulungira zophimbidwa ndi kachikopa kooneka ngati impso, yaikazi ili ndi zazitali pang'ono, zambiri zopindika ngati ngowe.

Mayinawa anabwera nthawi yomwe palibe ankadziwa momwe fougère imaberekera. Popeza sankaona maluwa kapena njere, kumidzi kunali chikhulupiriro choti graine de fougère, njere yake, imagwa pakati pa usiku wolowera tsiku la Yohane Mbatizi, pa 24 Juni, ndipo woitola amapeza mphamvu zodabwitsa. Zoona zake zinafotokozedwa mokwanira ndi katswiri wa zomera wa ku Germany, Wilhelm Hofmeister, mu 1851. Kambewu konga fumbi kaja kakagwa pachinyezi kamamera kachomera kophwatalala, kosafika sentimita imodzi nthawi zambiri, komwe Afalansa amati prothalle. Pa kachomera kameneka ndi pomwe pali ziwalo zaumuna ndi zaukazi, ndipo pamafunika kadontho ka madzi kuti zikumane. Fougère yayikulu yomwe timaiona ilibe umuna kapena ukazi.

Yaimuna ija inali mankhwala enieni a njoka zazitali zophwatalala za m'mimba. Mu 1775 Mfumu Louis XVI inagula chinsinsi cha mankhwala a njokazi kwa mayi wina wamasiye wa ku Switzerland, Madame Nouffer, ndipo chinsinsicho chinapezeka kuti ndi ufa wa tsinde la fougère mâle, womwe Agiriki ankaudziwa kale. Unkagwira ntchito, koma mulingo wopha njoka unali pafupi ndi wovulaza munthu. Ena ankachita khungu. Choopsa kwambiri chinali kumwera pamodzi ndi mafuta a nsatsi pofuna kutsegula m'mimba, chifukwa mafuta amathandiza poizoniyo kulowa m'magazi. Lero pali mapiritsi a kuchipatala, ndipo palibe chifukwa choyesera.

Fougère aigle, ya chiwombankhanga, ndi yomwe muli nayo pafupi, chifukwa imamera pafupifupi dziko lonse lapansi, ndipo pa Nyika ndi m'mapiri ena a kwathu imadzaza m'malo otentheka ndi moto. Zulani phesi limodzi lokhwima, mudule mopendekera ndi mpeni wakuthwa cha kumunsi kwakuda komwe kunali m'dothi. Misempha ya mkati imajambula chinthu chonga mbalame ya mitu iwiri yotambasula mapiko, chizindikiro cha mafumu akale a ku Ulaya. Mukadula chopingasa kapena kumtunda kwambiri, chithunzicho sichituluka. Alimi a kum'mwera chakumadzulo kwa France amaimweta ikauma n'kuyalira ziweto m'khola. Kuyalira kokha, osati kudyetsa: ng'ombe zoidya kwa nthawi yaitali zimakodza magazi, ndipo akavalo amayamba kudzandira chifukwa imawononga vitamini B1 m'thupi.

Tsamba lanthete lopiringizika lija Afalansa amalitcha crosse, dzina la ndodo yopindika ya bishopu. Ku Québec, m'dziko la Canada, amadya za mtundu umodzi, fougère-à-l'autruche, ndipo amazitcha crosses de fougère kapena têtes de violon. Amaziwiritsa mphindi 15 asanadye, chifukwa zosapsa zimadwalitsa m'mimba.

## Dzina la pa botolo

Tanthauzo latsopano pa onse ndi la mafuta onunkhira. Mu 1882 kampani ya Houbigant ku Paris inatulutsa Fougère Royale, wokonzedwa ndi Paul Parquet. Fougère zambiri zilibe fungo loti munthu n'kulitapa, ndiye Parquet anachita kupeka fungo la nkhalango yachinyezi posakaniza lavenda, ndere za pa mitengo ya oak, ndi coumarine, mankhwala onunkhira ngati udzu womweta kumene, omwe pa nthawiyo anali atangoyamba kupangidwa m'mafakitale. Anthu anawakonda kwambiri moti fougère linakhala dzina la banja lonse la mafuta onunkhira, makamaka a abambo ndi odzola akameta ndevu. Mukaona liwuli pa botolo m'sitolo, yembekezani lavenda poyamba, fungo la udzu wouma pakati, ndi la ndere pomaliza. Chomera chenichenicho mulibemo.